Magemu Osaiwala Thukuta la Munthu

Sabata yatha kuhosteli tinakangana mpaka a chipinda chinacho anatimenyera khoma. Mnzanga wina wa ku Ndirande, amene timaphunzira naye mbiri yakale, ananena motsimikiza kuti GTA San Andreas ndi RPG yoposa zonse. Chifukwa chake? Akuti umakhala CJ, umavala ngati iye, umayenda ngati iye. Ndinamufunsa ngati FIFA nayonso ndi RPG, poti umakhala Messi. Anthu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo, koma ine funsolo ndinagona nalo. RPG ndi chidule cha mawu achingerezi akuti role-playing game, masewera amene munthu amalowa m'thupi la wina wongopeka. Dzinali ndi losocheretsa, chifukwa pafupifupi m'gemu iliyonse umalowa m'thupi la wina. Nanga chimasiyanitsa RPG ndi zinzake n'chiyani? Ine yankho langa ndinalipezera m'chigafa cha fodya kwathu ku Chamama, ku Kasungu.

M'chaka cha 2016 achimwene anga anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi foni ya Samsung yong'aluka galasi. M'menemo munali emulator, kapulogalamu kamene kamanamiza foni kuti ndi Game Boy, komanso magemu angapo akale. Inali nyengo yosoka fodya, ndipo ine ndi msuweni wanga tinkagona kuchigafa kulondera masamba kuopa akuba. Achimwene anatibwereka foniyo kuti tisamawodzere. Ndinatsegula Pokémon FireRed n'kusankha Charmander chifukwa cha kamoto ka kumchira, osadziwa kuti mdani wamkulu woyamba, Brock, ali ndi zilombo zamiyala zomwe moto suzichita kanthu. Anandigonjetsa kanayi. Ndinabwerera m'nkhalango ya Viridian n'kumamenya timbozi usiku wonse, mpaka Charmander anafika level 13 n'kuphunzira Metal Claw. Brock anagwa mosavuta.

Chimene chinandidabwitsa n'choti zala zanga sizinasinthe. Ndinkadina mabatani omwe aja, mofanana ndi dzulo lake. Chimene chinakula ndi chilombocho, chifukwa gemuyo inkalemba kanthu kalikonse kamene ndachita, n'kusunga.

Sikuti magemu ndinali ndisanawaonepo. Pa msika wa kwathu panali kanyumba kokhala ndi PlayStation 2, pomwe tinkalipira kuti tisewere mpira kapena Mortal Kombat. Wogonja ankadzuka, wina n'kukhala. Ana ena anali ndi timakina tija tolumikiza ku TV, ta makatiriji olembedwa kuti muli magemu 9999, pomwe kwenikweni munali Super Mario, Contra ndi akasinja basi, zobwerezabwereza. Mwa zonsezi munalibe RPG ngakhale imodzi, ndipo tsopano ndikumvetsa chifukwa chake. Mwini kanyumba kamagemu amadya ndalama anthu akamasinthana msanga. Gemu yofuna maola 40, yodzaza ndi Chingerezi choti uwerenge, ndiponso yofuna posungira pomwe walekezera, singamubweretsere phindu. RPG imafuna makina akoako, kapena a achimwene ako.

Mbiri yake imayambira pa pepala, osati pa kompyuta. M'chaka cha 1974 ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons. Anthuwa anachokera ku masewera ankhondo apathebulo, oyendetsa magulu a tiasilikali tazidole. Chatsopano chinali chakuti wosewera aliyense azitenga munthu mmodzi yekha m'malo mwa gulu lankhondo. Munthuyo amalembedwa pa pepala: mphamvu zake, nzeru zake, kuchuluka kwa mabala amene angapirire asanafe. Mmodzi mwa osewerawo amakhala wokamba nkhani, monga agogo pa nthano za madzulo, kungoti omverawo samangovomera kuti "tili tonse". Iwo ndiwo anthu a m'nthanomo, ndipo akafuna kuchita chinthu amaponya madayisi kuti aone ngati chatheka. Akapulumuka amalandira mapointi a zomwe adutsamo, mapointiwo akachuluka munthu uja amakwera level. Sabata yotsatira amabwera ndi pepala lomwe lija n'kupitiriza. Pepalalo ndilo gwero la zonse.

Makompyuta atayamba kulowa m'nyumba za anthu, ntchito yowerengera ija inapita kwa makina. M'chaka cha 1981 kunatuluka Wizardry ndi Ultima pa kompyuta ya Apple II. Ndimaseka ndikakumbukira kuti chaka chomwecho Kamuzu ankatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kufupi ndi kwathu, kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Magemu awiriwa anali ovuta, ofuna munthu wodziwa kale malamulo. Amene anawafewetsa ndi Yuji Horii wa ku Japan, yemwe mu 1986 anatulutsa Dragon Quest pa makina a Famicom a kampani ya Nintendo. Zithunzi zake anajambula ndi Akira Toriyama, yemwe ambiri timamudziwa chifukwa cha Dragon Ball. Horii anachotsa zambiri n'kusiya msana wokha: menya zilombo zazing'ono, kula, gula lupanga labwinopo, woloka mlatho, kumana ndi zilombo zazikulupo. Munthu wopanda luso la zala angathe kumaliza, bola akhale wopirira. Chaka chotsatira, 1987, kampani ya Square inatulutsa Final Fantasy ya Hironobu Sakaguchi.

Kanthu kamodzi m'mbiri ya Dragon Quest kamandigwira mtima. Katiriji yake yoyamba ku Japan inalibe batire losungira pomwe munthu walekezera. Ukafuna kuzimitsa, gemuyo inkakupatsa mawu achinsinsi a zilembo 20 oti ukopere pa pepala. Mu Dragon Quest II zilembozo zinkafika 52. Ukalakwitsa chimodzi chokha, ntchito yonse yapita. Batire linabwera ndi Dragon Quest III mu 1988. Ana a ku Tokyo ankalolera kukopera zilembo 52 ndi pensulo chifukwa popanda chikumbutso chimenecho gemuyo inalibe tanthauzo.

Nthawi yonseyi kuno kwathu kunalibe ngakhale nyumba youlutsira TV. Television Malawi inayamba mu 1999. Chrono Trigger ya 1995, Pokémon yoyamba ya 1996 ndi Final Fantasy VII ya 1997 zinadutsa ife tikumvera wailesi. N'chifukwa chake mawu oti "retro" amandivuta. Mzungu wa zaka 40 akamasewera magemu amenewa amakhala akukumbukira ubwana wake. Ife anatipeza atachedwa zaka 20, kudzera pa Bluetooth ndi pa memori khadi, ndipo kwa ife anali atsopano. Anatifika chifukwa cha ukalamba wawo womwewo: ndi aang'ono, safuna bandulo, ndipo foni yotsika mtengo imawakwanitsa. Komanso Pokémon sinali yachilendo kwenikweni. Satoshi Tajiri, amene anaiyambitsa, ali mwana ankakonda kugwira tizilombo m'tchire. Mwana wa ku Kasungu amene wakulira pa ngumbi, ziwala ndi matondo safunika kumufotokozera kukoma kwa zimenezo.

Tsono tibwerere ku mkangano uja. The Legend of Zelda ya 1986 ili ndi lupanga, mfiti ndi mwana wamkazi wa mfumu, koma kwa ine si RPG. Link akapha zilombo 100 amakhala yemwe uja. Amakula pokhapokha watola chinthu chobisidwa penapake, ndipo nkhondo imapambanidwa ndi zala zako. Malupanga ndi zinjoka ndi zovala chabe. Pa San Andreas ndiyenera kuvomera kuti mnzanga uja ananena zoona pang'ono, ngakhale chifukwa chimene anapereka chinali cholakwika. CJ amanenepa akamadya kwambiri, amatuluka minofu akamanyamula zitsulo, amawongokera pa chiwongolero akamayendetsa galimoto. Zimenezo anabwereka ku pepala la Gygax ndi Arneson. Koma ukhoza kumaliza gemuyo osazilabadira kwenikweni. Mu RPG yeniyeni manambala aja ndiwo gemuyo.

Pa onse amene ndasewera, woposa ndi Final Fantasy VI ya 1994. Pakatikati pa nkhani, pomwe ukuganiza kuti watsala pang'ono kupambana, Kefka amaphwasula dziko lonse. Umadzuka uli Celes, pa kachilumba, ndi nkhalamba yodwala yotchedwa Cid, ndipo ntchito yako ndi kuigwirira nsomba m'mphepete mwa nyanja. Ukamaipatsa nsomba zofooka, imafa. Ine inandifera, ndipo ndinazimitsa foni osalankhula ndi munthu. Koma taonani: mizinda yagwa, anzako amwazikana, mapu asintha, koma ma level ako onse ali pomwepo. Ngakhale kutha kwa dziko sikukulanda zimene unagwirira ntchito.

Ndikuganiza kuti apa m'pamene magemuwa anandikolera, ndipo chifukwa chake ndi fodya. Agogo anga aamuna anachoka ku Mulanje m'zaka za m'ma 1970 kudzakhala tenanti pa esiteti ina kuno ku Kasungu. Masiku amenewo mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale. Unali wa maesiteti okha mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Tenanti naye anali ndi pepala lake, m'buku la kalaliki. Chitini cha chimanga, mchere, feteleza, khasu, mankhwala mwana akadwala, zonse zinkalembedwa, n'kudzadulidwa pa mtengo wa fodya pakutha pa chaka, mtengo womwenso ankaika ndi mwini esiteti. Agogo ankatiuza kuti zaka zina ankamaliza ali ndi ngongole yoposa imene anayamba nayo. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, iwo atamwalira kale. Buku la kalaliki ndi pepala la Dungeons & Dragons n'zofanana maonekedwe: dzina pamwamba, manambala pansi. Kusiyana kwake n'koti lina limalemba zimene wadya, linalo limalemba zimene wachita.

Bambo anga amalima pa munda wawowawo, koma nawonso sadziwa malipiro a thukuta lawo mpaka tsiku lomaliza. Nazale imayamba dzuwa likuswa mtengo, kuthirira ndi ndowa m'mawa ndi madzulo. Kenako kuwokera ndi mvula yoyamba, kupalira, kuthyola, kusoka, kuyanika, kusankha magiredi, kudinda mabelo pa jeke. Ntchito ya miyezi pafupifupi 9 imaweruzidwa pa kamphindi kochepa ndi munthu woyenda mofulumira pa mzere wa mabelo. Chaka chomwe chija cha 2016, mabelo athu angapo anabwezedwa kawiri, ndipo pogulidwa mtengo wake sunabweze ngakhale ngongole ya feteleza. Mwana wa m'nyumba yoteroyo akapeza dziko limene kambozi kalikonse kamene wamenya kamawerengedwa, ndipo palibe angamuuze kuti giredi yake yatsika, mukuganiza angalisiye? Ena amadandaula kuti ma RPG akale ndi otopetsa chifukwa umabwereza ntchito imodzimodzi kwa maola. Ine kubwereza ntchito ndinakuzolowera ndili ndi zaka 7. Chachilendo chinali kulipidwa nthawi iliyonse.

Inde, ndikudziwa kuti ndi bodza lokoma. Dziko la Dragon Quest, lomwe khama limabala nthawi zonse, linapangidwa m'dziko lolemera, pa nthawi yomwe chuma cha Japan chinkakwera. Mphunzitsi wathu wina angati ndi chiphunzitso cha mabwana chovala zinjoka, chouza wantchito kuti akasauka ndiye kuti sanalimbikire. Mwina n'zoona. Koma mwana wa zaka 13 uja sankaganiza kuti moyo uli choncho. Ankadziwa bwino lomwe kuti suli choncho, n'chifukwa chake ankadikira usiku.

Ndipo ngakhale bodzalo lili ndi pothera. Tsiku lina achimwene anapititsa foni ija kwa mnyamata wina wotchaja mafoni ndi kuika nyimbo pamsika. Iye anaona kuti memori khadi yadzaza, n'kuipukuta yonse kuti mulowe nyimbo. Charizard wanga, mabaji 7, maola oposa 60, zonse zinapita. Ndinalira ngati pamaliro, amayi mpaka anandikalipira kuti ndikuitana tsoka. Pa mpira wa PlayStation ndinagonjapo kosawerengeka osataya kanthu, chifukwa kunalibe choti n'kutaya. Tsiku limenelo ndinamva zimene ankamva mwana wa ku Tokyo akalakwitsa chilembo chimodzi mwa 52 zija.

Pali gemu imodzi imene mpaka lero sindinaipezere malo. Harvest Moon inayamba mu 1996, ndipo woiyambitsa, Yasuhiro Wada, anakulira kumudzi asanapite ku Tokyo. Mulibe nkhondo. Umalandira munda wodzaza miyala ndi zitsa, n'kumalima, kuthirira, kuweta nkhuku ndi ng'ombe. Imene ndinasewera ine ndi Friends of Mineral Town ya 2003. Nyengo iliyonse ndi masiku 30, khasu ndi chothiririra zimakwera level ukamazigwiritsa ntchito, ndipo anthu a m'mudzi amakumbukira mphatso zimene unawapatsa. Pa muyeso wanga uja, imeneyi ndi RPG, ngakhale anzanga kuhosteli amakana poti mulibe chophedwa.

Pa holide yapitayi bambo anandipeza ndikuisewera pakhonde. Anakhala pafupi n'kufunsa chimene ndikuchita. Ndinawaonetsa munda, mbewu, ndi bokosi loponyamo zokolola. Ndinawafotokozera kuti 5 koloko madzulo kumabwera munthu wotchedwa Zack kudzatenga zonse, ndalama n'kulowa pompo.

"Amatenga zonse? Osasankha giredi?"

"Zonse, bambo."

"Nanga mtengo amanena ndani?"

Ndinawauza kuti mtengo umadziwika usanabzale n'komwe, ndipo susintha. Anayang'ana galasi lija kwa kanthawi, Zack akunyamula matimati anga. Kenako anafunsa ngati munthuyo amagulanso fodya.