Madzi a pansi pa nthaka: madambo a ku Mchinji ndi ngalande za kuchipululu

Boma la Mchinji, lomwe lachita malire ndi Zambia komanso Mozambique, limalandira mvula yokwanira zaka zambiri. Komabe kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula sigwa, ndipo tomato, anyezi, mpiru ndi mondokwa zomwe zimapezeka m'misika ya Kamwendo ndi Kapiri m'nyengoyi zimachokera kumadimba. Ambiri mwa madimbawa amadalira madzi obisika pansi pa nthaka ya m'madambo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti bomali lili ndi anthu oposa 600 000, choncho funso la yemwe atunge madziwa, ndi kuchuluka kwake, likukulirakulira.

Momwe dambo limasungira madzi

Dambo ndi malo otsika a udzu omwe amadikha madzi m'dzinja. Mvula ikagwa kumtunda, gawo lina limalowa m'nthaka mpaka kukumana ndi dongo kapena thanthwe. Kuchokera apo madziwo amayenda pang'onopang'ono kutsikira kudambo, ndipo ulendowu umatha miyezi. N'chifukwa chake m'mphepete mwa dambo mumakhala chinyontho ndi akasupe ngakhale m'chilimwe. Madambo ambiri a ku Mchinji ndi olumikizana ndi mtsinje wa Rusa komanso wa Bua, womwe umayambira m'bomali n'kukathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota.

Alimi amawafikira madziwa pokumba chitsime chosazama m'dimba momwemo n'kumatunga ndi keni kapena ndowa. Madzi akamatsika, chitsime amachikumba mopitirira. Ena amaunda mizere italiitali pamalo onyowa kuti mizu idzipezere yokha chinyontho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 boma lidagawa mapampu opalasa ndi miyendo, ndipo lero a injini ndi oyendera dzuwa akufala.

Luso la kuchipululu

Maiko ouma adayamba kale kutunga madzi a pansi kuti azithirira. Ku Iran, zaka zoposa 2 500 zapitazo, anthu adapanga njira yotchedwa qanat. Amakumba chitsime chachikulu m'tsinde mwa phiri mpaka kupeza madzi, kenako amaboola ngalande yapansi yotsetsereka pang'ono kulowera kumudzi. Pamwamba pa ngalandeyo amakumba maenje otsatizana olowetsa mpweya ndi otulutsira dothi. Madzi amayenda okha popanda injini, ndipo dzuwa siliwaumitsa poti ali pansi. Qanat ya ku Gonabad ndi yotalika makilomita oposa 30, ndipo chitsime chake chachikulu n'chozama mamita pafupifupi 300.

Ku Oman ngalande zotere amazitcha aflaj, ku Algeria foggara, ku Morocco khettara. Bungwe la Unesco lidaika aflaj zisanu pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndi ma qanat 11 a ku Iran mu 2016.

Chomwe chidasunga ngalandezi zaka mazanamazana ndi dongosolo logawana. Banja lililonse limakhala ndi nthawi yake yothirira. Ku Iran woyang'anira madzi, wotchedwa mirab, ankayeza nthawiyo ndi kambale koboola pansi koyandama m'madzi: kakamira, gawo limodzi latha. Ku Oman ankagwiritsa ntchito chithunzithunzi cha ndodo masana ndi nyenyezi usiku. Ntchito yochotsa matope ndi mtengo wake inali ya onse olandira madzi.

Qanat imangotulutsa madzi omwe nthaka ikupereka. Pamene zitsime zozama za injini zidachuluka ku Iran kuyambira m'zaka za m'ma 1960, madzi a pansi adatsika ndipo ma qanat ambiri adauma.

Mwini madzi ndani?

Ku Mchinji dambo limakhala pansi pa mfumu. Nyakwawa ndi yomwe imagawa malo a madimba, kusiya njira ya ziweto yopita kokamwa ndi kuweruza milandu ng'ombe zikathyola mpanda. Nkhani ya ziweto ndi yaikulu makamaka m'madera a Angoni monga kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni. Dambo lomwelo limaperekanso msipu, udzu wofolera ndi dothi loumbira njerwa.

Mwambowu udakhazikika panthawi yomwe mlimi ankatunga madzi molingana ndi mphamvu za manja ake. Pampu ya injini imapopa pa ola limodzi madzi omwe wa keni sangawathe tsiku lonse. Popeza zitsime za m'dambo limodzi zimamwa madzi amodzi, chitsime chozama chikapopedwa kwambiri zoyandikana nazo zimaphwa, ndipo woyamba kuvutika ndi yemwe alibe ndalama zogulira makina.

Boma lili ndi malamulo ake. Mu 2001 lidakhazikitsa lamulo la ulimi wamthirira, ndipo m'masikimu ambiri madzi amayendetsedwa ndi magulu a alimi otchedwa Water Users Associations. Lamulo la za madzi la mu 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, lomwe limapereka ziphaso kwa otunga madzi ochuluka. Koma madimba ambiri ali kunja kwa masikimu, ndipo kumeneko mawu a mfumu ndi mgwirizano wa alimi ndiwo amagwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Zomwe zimaumitsa dambo

Kudula mitengo kumtunda, kuphatikizapo m'nkhalango yotetezedwa ya Mchinji, kumachititsa kuti mvula ithamange pamwamba osalowa pansi. Chigwembe chikang'ambika pakati pa dambo chimakhetsa madzi ake ngati ngalande. Bulugamu wobzalidwa pafupi ndi kasupe amamwa madzi ambiri, ndipo maenje a njerwa amaononga nthaka yosunga chinyontho.

Ng'amba ya El Niño, yomwe idachititsa boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, idaonetsa kuti mabanja ambiri amathawira kudimba mbewu za kumunda zikapsa. Mudzi wofuna kuti dimba likhalepo chaka chotere uyenera kugwirizana zinthu zitatu madzi asanachepe: malo osalimidwa kuzungulira kasupe, masiku ndi maola opopera, komanso gawo la aliyense pantchito yotseka zigwembe ndi kubzala vetiva.