Mmene mahomoni a steroid amayezedwera mu labotale

Mahomoni a steroid ndi michere imene thupi limapanga kuchokera ku mafuta otchedwa cholesterol. M'gululi muli cortisol ndi aldosterone, ochokera ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, komanso testosterone, estradiol ndi progesterone, oyendetsa kutha msinkhu ndi kubereka. Dokotala amalamula kuti ayezedwe banja likamasowa mphatso ya mwana, msambo ukasokonekera, kapena mwana akayamba kutha msinkhu nthawi isanakwane.

Kuwayeza n'kovuta chifukwa amapezeka ochepa zedi m'magazi, ndipo kapangidwe kawo n'kofanana ngati ana a mimba imodzi.

Njira yofala imatchedwa immunoassay. Imagwiritsa ntchito ma antibody, asilikali a chitetezo cha m'thupi, okonzedwa kuti azigwira homoni imodzi yokha. Inayambitsidwa ndi Rosalyn Yalow ndi Solomon Berson ku New York cha m'ma 1960 poyeza insulin, ndipo mu 1977 Yalow analandira nayo mphoto ya Nobel. Poyamba ankaika chizindikiro chotulutsa cheza choopsa kuti awerenge zimene zagwidwa, koma makina ambiri a lero amawerenga kuwala kapena kusintha kwa mtundu. Njirayi ndi yachangu ndiponso yotsikirapo mtengo.

Vuto lake n'lakuti msilikali uja nthawi zina amagwira wolakwika. Wodwala amene akumwa prednisolone akhoza kuoneka ngati ali ndi cortisol wochuluka, pakuti ziwirizi zimafanana kwambiri. Njirayi imaphonyanso pamene homoni ili yochepetsetsa, monga testosterone mwa amayi ndi ana. Ngakhale mapiritsi a biotin, amene ena amamwa pofuna tsitsi ndi zikhadabo zokongola, amasokoneza makina ena, moti mu 2017 bungwe la FDA ku America linachenjeza za zimenezi.

Yodalirika kwambiri ndi LC-MS/MS. Makinawo amayamba alekanitsa michere ya m'magazi, kenako n'kuzindikira uliwonse potengera kulemera kwake ndi tizidutswa timene umasweka. Amatha kuyeza mahomoni angapo nthawi imodzi, koma ndi okwera mtengo ndipo amafuna katswiri, n'chifukwa chake amapezeka m'malabotale akuluakulu.

Makina abwino sangakonze magazi otengedwa pa nthawi yolakwika. Cortisol ndi testosterone amakwera m'mawa n'kutsika madzulo, choncho kawirikawiri magazi amatengedwa m'mawa. Progesterone amayezedwa kutatsala masiku pafupifupi 7 kuti msambo uyambe, lomwe ndi tsiku la 21 kwa mayi amene msambo wake umabwera pa masiku 28 alionse. Pofufuza matenda a Cushing, obwera ndi kuchuluka kwa cortisol, madokotala amayeza malovu a pakati pa usiku kapena mkodzo wosonkhanitsidwa kwa maola 24.

Labotale iliyonse imalemba pa pepala la zotsatira malire akeake a mlingo woyenera, molingana ndi njira imene yagwiritsa ntchito. Manambala a malabotale awiri sayenera kuyerekezedwa mwachisawawa, ndipo woyezedwa azitchuliratu mankhwala onse amene akumwa.