Mbeu Yopitikitsidwa Inamera Kuno

M'caka ca 1910 boma latsopano la Apwitikizi linapitikitsa ansembe a Cijezuiti ku Mozambique. A ku Miruro anaoloka Luangwa nakhazikika ku Kapoche ndi ku Katondwe. Zinaoneka ngati nchito yao yafera pomwepo. Koma aphunzitsi ndi akatekisti a kuno kwathu anayenda pansi m'zigwa ndi m'mapiri, mudzi ndi mudzi, kufikira Mau anazika mizu m'mitima ya makolo athu.

Lero ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa, cipatala ca mishoni ca St. Luke cilandira odwala ocokera kutali ndi ovulala pamseu waukulu wopita ku Chipata. Cimeneci ndi cipatso.

Acinyamata, wansembe angapitikitsidwe, koma cikhulupiriro cozama mumtima palibe angacizule. Kodi canu cabala ciani?