A John Tembo: mphunzitsi wa ku Kongwe amene tidawaopa, kenako n'kuwavotera

Dzulo tikusankha fodya m'chigafa, mdzukulu wanga adandifunsa kuti, "Agogo, kodi a John Tembo aja adali munthu wabwino kapena woipa?" Ndidangoti tiyambe tamaliza ntchito. Koma usiku tulo sitidabwere, ndiye ndati ndilembe pano.

Ambiri mumawadziwa ngati munthu wa ku Dedza, ndipo n'zoona. Adabadwa mu 1932, bambo awo adali mbusa wa mpingo wathu womwewu wa Nkhoma, umene udayambira pano pa Mvera mu 1889. Chimene achinyamata simudziwa n'chakuti asadalowe ndale adagwirapo choko m'boma lathu lino. Atabwerako ku maphunziro ku Roma, m'dziko lomwe lero ndi Lesotho, adaphunzitsa pa Robert Blake ku Kongwe. Masiku amenewo wakuda wa digiri adali wochita kuwerenga ndi zala, ndiye Kamuzu sakadamusiya m'kalasi munthu wotere. Pa chisankho cha 1961 adakhala phungu wa ku Dedza, nyumba ya malamulo ili ku Zomba, iwo asadakwane zaka 30.

Mwayi wawo udatseguka mu 1964, titangolandira ufulu. Nduna zidasemphana ndi Kamuzu. A Kanyama Chiume, a Orton Chirwa ndi a Augustine Bwanausi adachotsedwa, a Chipembere ndi anzawo adatula pansi udindo. A Tembo adatsalira kumbali ya Kamuzu, ali nduna ya zachuma. Mu 1971, chaka chomwe paundi idachoka n'kubwera kwacha, adakakhala mkulu wa Reserve Bank mpaka 1984. Ife amene tinkagulitsa mtedza ku ADMARC, ndalama yapepala yomwe tinkaipinda pampango idali ndi siginecha yawo. Komanso adali malume a Mama Cecilia Kadzamira, ndiye khomo la kwa Kamuzu kwa iwo lidali lotsegula.

Apa ndi pomwe mantha adayambira. Inu obadwa m'ma 1990 simungamvetse. Dzina la a Tembo sitinkalitchula mokweza, ngakhale pabwalo la bawo. Unkayamba wayang'ana kumbuyo. Mu May 1983 tidamva kuti a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. A Gadama adali nduna yathu ya chigawo chapakati. Palibe adafunsa. Boma litasintha mu 1994, bungwe lofufuza lidapeza kuti sidali ngozi, anthu aja adachita kuphedwa ndi apolisi. A Tembo adamangidwa mu January 1995 n'kuzengedwa mlandu pamodzi ndi Kamuzu, ndipo mu December chaka chomwecho khoti lidati alibe mlandu. Ndalemba zonse ziwiri dala. Wina asadzandinamizire kuti ndawaweruza, winanso asadzati ndabisa. Mabanja anayi aja mpaka lero ali ndi chilonda.

Tsono funso la mdzukulu wanga lenileni ndi ili: munthu amene tinkamuopa chonchi, tidamuvotera bwanji? Poti tidavota ndithu, tisakane. Pa riferendamu ya 14 June 1993, dziko likusankha nyali, kuno ambiri tidasankha tambala wakuda. A Tembo adabwerera ku nyumba ya malamulo mu 1994 ngati phungu wa Dedza South, ndipo mpandowo adaukhalira zaka 20. Adakangana ndi a Gwanda Chakuamba mpaka chipani kugawika pawiri. Mu 2002 iwo ndi aphungu awo adavomereza bilu yoti a Muluzi aimenso, koma idagwa ndi mavoti atatu okha. Pamenepo ine sadandisangalatse, ndinene poyera. Komabe mu 2004 ataima pa upulezidenti ndidawapatsa voti yanga, ndipo mu 2009 ndidabwerezanso. Maulendo onse awiri adakhala achiwiri kwa a Bingu.

Chidandikoka ine ndi feteleza, osati nsalu ya chipani. Amene mudaona njala ya 2002 mukukumbukira anthu akudya zitsa za nthochi, ng'ombe ikusinthanitsidwa ndi tindowa tochepa ta chimanga. Nthaka ya m'mapiri mwathu muno idatopa kalekale, popanda feteleza umangokolola mapesi. A Tembo atakhala mtsogoleri wa otsutsa boma, chipani chawo chili ndi aphungu ambiri kuposa china chilichonse mu 2004, nyimbo yawo idali imodzi: feteleza atsike mtengo kwa mlimi aliyense, osachita kusankha. Boma la a Bingu lidasankha njira ya makuponi, ndipo mu 2005 thumba la makilogalamu 50 tidagula K950. Ulemu wa makuponi udapita kwa a Bingu, ndipo ndi owuyeneradi, poti nkhokwe zidadzaza. Koma amene mudakhalapo pabwalo tsiku lolemba maina mukudziwa chimene a Tembo ankanena. Ine chaka china dzina langa silidatuluke, tidagawana thumba limodzi mabanja atatu, kuyeza ndi mbale, ndipo ndi mlamu wanga sitidayankhulane mpaka nthawi yokolola.

Pomwe adatitayira ndi pa Sekishoni 65. Mu 2007 ndi 2008 otsutsa adakakamira kuti aphungu othawira ku boma achotsedwe kaye, bajeti ibwere pambuyo. Pa malamulo mwina adali ndi mfundo. Koma mlimi akamva kuti bajeti yaima, amaganiza za makuponi ndi mvula yoyamba basi. Chisankho cha 2009 chidawalanga: aphungu a Kongeresi sadakwane 30, ndipo chigawo chapakati chomwe ankachidalira chidagawika.

Anthu ankawatcha Puludzu, ndipo ankaonekadi ngati sadzachoka. Koma mu August 2013 adasiyira chipani a Lazarus Chakwera, ndipo mu 2014 sadaimenso. Mpando umene adakhala nawo pafupi zaka 30 sadaukhalepo ngakhale tsiku limodzi. Adamwalira pa 27 September 2023 ali ndi zaka 91, n'kukaikidwa kwawo ku Dedza mwaulemu wa boma.

M'mawa uno ndamuwerengera mdzukulu uja zonsezi. Wandiyang'ana n'kuti, "Ndiye simunayankhetu, agogo." Ndamutuma kwa agogo ake aakazi, omwe sadawavoterepo a Tembo ngakhale kamodzi, akamvenso mbali yawo. Inu amene mudaphunzira ku Kongwe zaka zimenezo, kapena makolo anu adadutsa m'kalasi mwawo, tiuzeni m'mene ankaphunzitsira.