Kuweta Nkhuku ndi Zinziri Pakhomo

Mabanja ena akayamba kuweta zinziri amazisamala ngati nkhuku zazing'ono, mapeto ake n'kuluza ndalama. Pano tikufotokoza mmene mbalame ziwirizi zimasiyanirana.

Khola: Nkhuku zachikuda zimayenda masana n'kubwerera madzulo. Khola lake likhale lokwera, losadontha ndiponso lolowa mpweya. Zinziri sititulutsa, pakuti zikauluka sizibwerera. Timazisunga m'khola la waya wa mabowo aang'ono kuti makoswe, njoka ndi amphaka asalowe.

Chakudya: Nkhuku imadzitolera tizilombo ndi msipu, choncho timangoiwonjezera madeya osakaniza ndi soya wokazinga. Zinziri imadalira mwini wake pa zonse, ndipo imafuna zomanga thupi zambiri, monga soya ndi ufa wa usipa. Madzi a anapiye ake tiziika m'mbale yosazama yokhala ndi timiyala kuti asamire.

Kuswa: Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 10, pamene zinziri yaimuna imodzi imakwanira zazikazi 3 kapena 4. Mazira a nkhuku amaswa pakatha masiku 21, a zinziri pakatha masiku 17 kapena 18. Zinziri imayamba kuikira ikakwana masabata 6 mpaka 8, koma kawirikawiri sifungatira mazira ake. Wofuna anapiye ayambe wapeza makina oswera mazira asanagule zinziri.

Matenda: Chitopa chilibe mankhwala. Nkhuku tiziziteteza ndi katemera wa I-2, wodonthetsera m'diso, miyezi 3 kapena 4 iliyonse, makamaka nyengo yotentha isanafike. Alangizi a ziweto m'dera lanu adzakuuzani kumene akupezeka.