Mbiri ya Olemba ndi Ojambula a m'Dziko la Undi

Munthu woyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, akapitirira Sinda, amayamba kuona mapiri a Mphangwe, ndipo posacedwa afika pa Katete. Pamenepo maso ace akumana ndi zipupa za masitolo zolembedwa maina ndi zithunzi, ndipo akalowa m'sukulu apeza anyamata ndi asungwana ali ndi makope odzala nthano ndi ndakatulo zopeka okha. Anthu ambiri amayesa kuti luso lotere n'lacilendo, linadza ndi Azungu pamodzi ndi coko ndi sileti. Koma mbiri ya dziko lino ionetsa kuti luso la kulemba ndi kujambula ndi lakale ndithu. Cimene cakhala cikusinthika mbadwo ndi mbadwo ndico polembapo pace, ndiponso khomo limene wophunzira watsopano amatulukira kuti nchito yace ioneke kwa anthu.

Mau akuti kulemba analipo m'Cinyanja buku lisanafike. Makolo ankati munthu walemba pamene waika mizere pa mbiya kapena zizindikiro pa thanthwe, ndipo ku Malawi kuli malo a zithunzi zakale ochedwa Mwalawolemba kufikira lero. M'dziko la Katete zolemba zotere zipezeka pa Mkoma ndi m'phanga la Makwe, ndipo zina ziri ku Thandwe, m'dera la Chipata. Katswiri wina wa zinthu zakale, dzina lace David Phillipson, anakumba pansi pa mapanga a Makwe ndi Thandwe, napeza zida zamwala zosonyeza kuti anthu anakhalamo zaka zikwi zingapo zapitazo. Pambuyo pace anafotokoza zimene anapezazo m'buku limene linaturuka m'caka ca 1976.

Zithunzi za pa miyala imeneyi ziri za mitundu iwiri. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere, timadontho ndi zozungulira, ndizo zakale koposa, ndipo akatswiri amati anazilemba ndi alenje aja amene Acewa amawachula Akafula. Zoyera n'za pambuyo pace. Zinapakidwa ndi cala coviika m'dothi loyera, ndipo eni ace ndiwo makolo a alimi amene ali m'dzikomo tsopano. Zina mwa zoyerazo zifanana ndi nyama yotambasula miyendo, monga cikopa coyanika, ndipo ziyenderana ndi maphunziro a cinamwali. Zina zifanana ndi zirombo za Gule Wamkulu. Zithunzi za mtundu womwewo ziri zambirimbiri ku Chongoni, m'boma la Dedza, kumene malo 127 analowa m'kaundula wa cuma ca dziko lonse lapansi m'caka ca 2006.

Masiku amenewo wophunzira luso anali nazo zinthu zitatu zomkwanira: mphunzitsi, malo oonetserapo nchito yace, ndi anthu oipenya. Msungwana ankaphunzira kwa anamkungwi kuumba zinthu zadothi zolangira anamwali, ndi kukometsera cingondo ndi madontho oyera, ofiira ndi akuda. Mnyamata ankaphunzira za manja kwa akulu a kudambwe, ndipo bwalo la m'mudzi ndilo linali poonetsera. Nthano zinali ndi sukulu yacenso, ndiyo pamoto madzulo, pamene mwana woyamba kusimba ankakonzedwa ndi agogo ace akaphonya nyimbo ya m'kati mwa nthanoyo. Amisiri amenewa sanali obwereza zakale zokha. Pamene Azungu ndi amishoni anafika, m'bwalo munaturuka Simoni wa nkhope yofiira, Maliya, ndi cirombo cooneka ngati galimoto. Motero zacilendo zonse zinkayamba zayesedwa ndi diso la mmisiri wa m'mudzi. Koma mwambo sunalole kuti dzina la wopanga limveke, cifukwa cace amisiri ambiri aluso anapita osasiya maina ao.

Khomo laciwiri linatseguka ndi sukulu za mishoni. A mpingo wa Dutch Reformed anamanga pa Magwero m'caka ca 1899, pa Madzimoyo mu 1903, ndi pa Nyanje, m'dera limene tsopano liri boma la Sinda, mu 1905. Colinga cao cinali cakuti anthu awerenge Mau a Mulungu, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linaturuka m'Cinyanja m'caka ca 1922. Koma munthu akadziwa kuwerenga sacedwa kufuna kulemba zace. Pa nthawi yomweyo panabuka udani pakati pa sukulu ndi dambwe, pakuti amishoni ankaletsa akhristu kupita ku gule. Mwana wa sukulu analandira colembera, koma anauzidwa kuti zosema ndi zoumba za makolo ace n'zacikunja. Apa ndi pamene kulemba mau ndi kulemba zithunzi, zimene kale zinali nchito imodzi, zinapatukana njira.

Woyamba kuonetsa kuti Cinyanja cikhoza kunyamula nkhani yaitali yopeka anali Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma ku Nyasaland. Buku lace lochedwa Nthondo linapambana pa mpikisano wa bungwe lina la ku London loona za zinenero za mu Afirika, nilisindikizidwa m'caka ca 1933, ndipo caka cotsatira T. Cullen Young analitembenuzira m'Cingerezi. Ntara analembanso Mbiri ya Acewa, imene ifotokoza za Kalonga ndi Undi. Aphunzitsi ndi akalaliki a kuno ku Fort Jameson ataona kuti mnzao wa cinenero cimodzimodzi wachuka ndi buku, anazindikira kuti iwonso angathe kuyesa.

Boma la Northern Rhodesia linayamba nyuzi yochedwa Mutende m'caka ca 1936, m'mene munali masamba a Cinyanja, ndipo mu 1937 linakhazika komiti yoona za mabuku a anthu akuda. Nchito ya komitiyo inakula kufikira m'caka ca 1948, pamene kunakhazikidwa bungwe la Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau ku Lusaka. Bungweli linkacita cinthu cimene mlembi watsopano amacisowa koposa. Linkalandira zolemba za pamanja zocokera kwa munthu wosadziwika, kuziwerenga, kumlangiza mwini wace za mokonzera, ndi kupangana ndi osindikiza akulu kuti bukulo lituruke pa mtengo wocepa. Linkacititsanso mipikisano. Mwa njira zotere, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 Cinyanja cinalemera ndi mabuku monga Maliro ndi Miyambo ya Acewa la A. J. Makumbi, Kalenga ndi Mnzace la Josiah Phiri, Zomfula Mkazi Wacimaso-maso la Jacob Zulu, ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Malire a maiko sanali kanthu kwa owerenga. Buku lolembedwa ku Dedza linkawerengedwa ku Katete ngati la pakhomo.

Khomo lacitatu linali wailesi. M'caka ca 1949 kunayamba kugulitsidwa wailesi yochipa imene anthu anaipatsa dzina la sosipani cifukwa ca maonekedwe ace, ndipo mau a ku Lusaka anayamba kumveka m'midzi yakutali. Dziko litalandira ufulu mu 1964, wailesiyo inabala mlembi amene anthu a kum'mawa sanamuiwale, ndiye Julius Chongo. Kuyambira ca m'ma 1966, kwa zaka ngati khumi, iye ankalemba nthano zace ndi kuzisimba yekha pa pologalamu ya Poceza m'Madzulo, akusintha liu lace kuti likhale la nkhalamba, la mkazi, kapena la kalulu. Anatenga msimbidwe wa pamoto uja naulowetsa m'nkhani za m'tauni, za kumigodi ndi za mabanja a makono. Analembanso buku la Fumbi Khoboo! Pambuyo pace Ernst Wendland anasonkhanitsa zina mwa nthano za pa wailesizo m'buku, ndipo pa mphotho za Ngoma, zimene zinakhazikidwa kulemekeza aluso a m'Zambia, ina ya olemba inachedwa ndi dzina la Chongo.

Ojambula anacedwerapo kupeza khomo lao, ndipo litapezeka linali ku Lusaka. Henry Tayali, amene anabadwa mu 1943 namwalira mu 1987, anaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf ku Jeremani, ndipo anagwira nchito yaikulu yocititsa kuti wojambula wa m'Zambia aziyesedwa munthu wa nchito yolemekezeka. Iye pamodzi ndi Cynthia Zukas ndi Bente Lorenz anayambitsa bungwe la Lechwe Trust mu 1986, logula ndi kusunga nchito za amisiri a m'dziko muno. Mu 1989 Martin Phiri, mphunzitsi wa zojambula pa Evelyn Hone College, anatsogolera anzace kukhazika bungwe la Visual Arts Council, ndipo nyumba yao yoonetsera zithunzi pa Showgrounds ku Lusaka inapatsidwa dzina la Tayali. Koma kucokera ku Katete kufika ku Lusaka pali mtunda wa makilomita ngati 500, ndipo kwa mwana wa ku Vubwi, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, ulendowo ndi wotalikirapo.

M'zaka zomwezo buku la Cinyanja linayamba kufota. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira kalasi loyamba. Mu 1968 Malawi anasankha dzina lakuti Chichewa, ndipo m'kupita kwa nthawi malembedwe a maiko awiriwa anasiyana, kotero kuti owerenga amene kale anali gulu limodzi anagawika pawiri. Nchito ya bungwe lakale lija inalowa m'manja mwa osindikiza a Boma, amene mphamvu zao zambiri zinathera pa mabuku a m'kalasi. Olemba atsopano amene amveka kunja, monga Namwali Serpell amene analandira mphotho ya Caine mu 2015, alemba m'Cingerezi. Ulemu umene atengera dziko ndi woona, koma nchembere ya ku Kagoro siingamve nkhani zaozo.

Zina zimene zinaoneka ngati zafa zinaukanso. Mwambo wa Kulamba, umene Boma la atsamunda linauletsa mu 1934, unayambanso mu 1984 pa Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, ndipo m'mwezi wa August Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kumeneko. M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala cimodzi ca zaluso zopambana za mtundu wa anthu. Cinthu cimene ana a sukulu akale anauzidwa kucita naco manyazi ndico cimene tsopano alendo amadzera kutali kudzaciona. Nyumba za wailesi zinatsegulidwanso kufupi, monga Breeze FM ku Chipata ndi Mphangwe pa Katete pomwe, ndipo lamya ya m'manja yapatsa wolakatula ndi wojambula mwai wotumiza nchito yace kwa anthu a kutali osalipira basi.

Mnyamata kapena msungwana wotsiriza sukulu lero ali ndi polembapo pambiri kuposa makolo ace onse. Cimene cimcepera ndico cija cimene anamkungwi, akulu a kudambwe ndi owerenga a ku Bureau ankapereka: munthu wodziwa amene ayang'ana nchito ya woyamba kumene, namuuza mosabisa pamene yakhota. Akale anati m'mera mpoyamba. Aphunzitsi a Cinyanja m'sukulu za Katete, Sinda ndi Vubwi, abusa, akalaliki a m'maofesi ndi onse amene anakula akuwerenga mabuku aja angathe kusenza udindo umenewu, pakukhazika timagulu ta olemba, pakupempha nthawi pa wailesi, ndi pakupatula cipinda cimodzi ca sukulu kuti zithunzi za ana zizipacikidwamo ndi maina a eni ace. Ndipo wophunzira mwini wace ayenera kupita kwa agogo ace akali moyo, kukamva msimbidwe wao ndi kuona maumbidwe ao, pakuti Ntara ndi Chongo anayambira komweko.