Ankalipira Ndani? Mbiri ya Ndalama Zophunzitsira Amalawi ku Yunivesite

Dziko lino lisanakhale ndi yunivesite yakeyake, nzeru pazokha sizinkamufikitsa munthu pa digiri. Pankafunikanso miyendo yolimba ndiponso munthu wina wakutali woti apise m'thumba. Amalawi oyamba kuphunzira maphunziro apamwamba pafupifupi onse anadutsa njira imeneyi, ndipo tikalondola bwino amene ankawalipirira, timaona mmene dziko lakhala likusinthira maganizo pa nkhani ya mwana wanzeru wochokera m'banja losauka.

John Chilembwe anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth. Kumeneko anthu akuda a mpingo wa Baptist ndiwo anamugwira dzanja, nakaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Anabwerera mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Pamishoni pomwepo panaphunzira mnyamata wina, Daniel Sharpe Malekebu, amene pambuyo pake anatsatira mphunzitsi wake, mayi Emma DeLany, mpaka ku America. Mu 1917 anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College, ndipo amadziwika kuti ndiye dokotala woyamba wachikuda wa dziko lino. Ndalama zimene zinaphunzitsa amuna awiriwa kwenikweni zinali zopereka za m'matchalitchi a anthu amene makolo awo anali akapolo zaka zochepa m'mbuyomo. Boma la atsamunda silinaikepo mtima.

Hastings Kamuzu Banda anayamba ulendo wake wapansi, kudzera ku Southern Rhodesia mpaka ku migodi ya ku South Africa. Mu 1925 mpingo wa African Methodist Episcopal unamuthandiza kuwoloka nyanja kukaphunzira ku Wilberforce m'dera la Ohio. Anapitirira ku Indiana, kenaka ku University of Chicago, namaliza udokotala ku Meharry mu 1937. Pamene ankafuna ziphaso za ku Britain, thandizo lokaphunzirira ku Edinburgh linachokera ku Church of Scotland ndi ku boma la Nyasaland. Pali kanthu kena ka m'zaka za ku Chicago kamene sikatchulidwa kawirikawiri. Ali wophunzira wa digiri yoyamba, Banda ankakhala pansi ndi katswiri wa zinenero, Mark Hanna Watkins, kumuuza mawu ndi ziganizo za Chichewa. Ntchito imeneyo inabala buku lakuti A Grammar of Chichewa, lomwe linatuluka mu 1937. Kafukufuku wa chinenero chimene mukuwerengachi anadalira mnyamata wa ku Kasungu amene anali asanavale n'komwe mkanjo wa digiri.

Kumudzi kuno zinthu zinkayenda mwaulesi. Sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya Dedza mu 1951. Ochepa amene ankapyola pamenepo ankalimbirana malo owerengeka ku Makerere m'dziko la Uganda, ku Fort Hare m'dziko la South Africa, ndipo pambuyo pake ku Salisbury. Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere anadzera ku Fort Hare. Kanyama Chiume ndi David Rubadiri anadzera ku Makerere. Pofika mu 1956, Chipembere ndi Chiume anali atalowa kale m'nyumba ya malamulo, akusautsa atsamunda ndi mafunso okhudza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Muonanso kuti pamndandanda umenewu palibe dzina la mkazi. Mwayi wochepa umene unalipo unkagwera anyamata, ndipo mayi Vera Chirwa anadikira mpaka m'zaka za m'ma 1960 kuti akaphunzire zamalamulo ku London, nakhala loya woyamba wamkazi m'dziko muno.

Nkhani imene imaonetsa bwino kukula kwa ludzu la nthawi imeneyo ndi ya Legson Kayira wa ku Chitipa. Atamaliza sukulu ku Livingstonia, ananyamuka mu October 1958 opanda nsapato, atatenga Baibulo, buku la Pilgrim's Progress, bulangete ndi kankhwangwa, akuti akupita ku America. Ankagwira maganyu m'njira kuti apeze chakudya. Atafika ku Kampala analowa m'laibulale ya boma la America, napeza buku la mayina a makoleji. Analembera kalata Skagit Valley College ya ku Mount Vernon m'dera la Washington, ndipo anamuyankha kuti malo alipo, fizi sadzalipira. Koma ndalama ya ndege analibe. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, ndipo ophunzira a ku Skagit ndi anthu a m'tauniyo atamva za iye anasonkherana ndalama ya tikiti. Anafika mu December 1960, patatha zaka ziwiri chinyamukire kwawo. Kenaka anaphunzira ku University of Washington ndi ku Cambridge, nalemba mbiri yake m'buku lakuti I Will Try. Timainyadira nkhaniyi, ndipo n'zoyenera. Koma ine ndikaiwerenga ndimaganizanso za anzake a m'kalasi amene anali ndi mitu yakuthwa chimodzimodzi, amene anatsala m'mudzi poti panalibe khomo loti agogodepo.

Ufulu wa 1964 unasintha zonsezi. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa University of Malawi m'chaka chomwecho, ndipo maphunziro anayamba mu September 1965 ku Chichiri, ndi ophunzira pafupifupi 90. Posakhalitsa Bunda, Polytechnic, Soche Hill ndi sukulu ya za kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba zinalowa m'yunivesiteyo. Koleji ya ku Chichiri ija, Chancellor College, inasamukira ku Zomba mu 1973, Kamuzu College of Nursing inabwera mu 1979, ndipo College of Medicine mu 1991. Dziko linkasowa aphunzitsi, alangizi a zaulimi, mainjiniya ndi akuluakulu a m'maofesi oti alowe m'malo mwa azungu, choncho boma linasenza mtolo wonse. Wosankhidwa ankapeza chipinda, chakudya katatu patsiku ku kafeteriya, ndi kandalama kapathumba. Mwana wa mlimi wa ku Nsanje ndi mwana wa nduna ankaima pamzere umodzi ndi mbale zofanana. Kuipa kwake kunali kwakuti malo anali ochepa zedi, ndipo ana ambiri okhoza bwino mayeso ankangoonera patali.

M'zaka zimenezi munachitika chinthu chimene ndikufuna tichedwepo pang'ono. Ku dipatimenti ya mbiri yakale ku Chancellor College, ophunzira a m'zaka zomaliza ankatumidwa kumidzi, nthawi zambiri kwawo komwe, kukacheza ndi mafumu ndi nkhalamba. Ankafunsa za maufumu akale, za malonda a minyanga ndi akapolo, za thangata, za njala ya 1949, za ulendo wa ku Joni ndi ku Halale. Akabwerako ankalemba mapepala n'kuwawerenga pamaso pa anzawo ndi aphunzitsi, omwe ankawapanikiza ndi mafunso. Mapepala amenewa anatayipidwa pamakina akale, ena ndi ofufutika, koma mukatsegula mabuku akuluakulu a mbiri ya Malawi olembedwa ndi akatswiri monga John McCracken, mupeza akuwatchula ngati umboni. Nkhalamba zimene zinafunsidwa zija zinapita kalekale. Chikhala kuti anawo sanapite ndi kope ndi cholembera nthawi imeneyo, zambiri zikanakwiriridwa nazo limodzi. Mtengo wake unali wochepa: ya basi, ya chakudya, mapepala, ndi mphunzitsi wokhala ndi nthawi yowerenga zimene mwana walemba. Wophunzira ankathanso kuika mtima pa ntchitoyo chifukwa za mimba yake zinali zitasamalidwa kale.

Chuma chitayamba kutsimphina m'zaka za m'ma 1980, mabungwe obwereketsa ndalama monga World Bank ankalangiza maiko a mu Africa kuti ophunzira a m'mayunivesite azisenzako gawo la mtolo. Kuno kwathu ophunzira anayamba kusonkha mu 1985, ndipo nthawi yomweyo panayambika ngongole za osowa. Poyamba ndalamayo inali yochepa. Mkuntho unabwera chakumayambiriro kwa 2001, pamene fizi inakwezedwa kuchoka pa K1,500 kufika pa K46,000. Ophunzira ndi makolo anakana, ndipo inatsitsidwa kufika pa K25,000. M'zaka zotsatira munabwera ophunzira odzilipirira okha, ogona kunja kwa sukulu, ndipo nyumba za lendi ku Chikanda, ku Chitawira ndi ku Luwinga zinadzaza ndi ana ophika pambaula. Mayunivesite a boma anachuluka: Mzuzu University inatsegulidwa mu 1999, Bunda inaima payokha n'kukhala LUANAR, MUST inayamba kuphunzitsa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa, kubala KUHeS ndi MUBAS. Khomo linakula, koma thumba silinakule mofanana.

Ngongole zakale zija zinali ndi vuto limodzi lalikulu: anthu sankabweza. Ambiri ankaziona ngati mphatso ya boma, ndipo panalibe ofesi ya mano yoti iwalondole. N'chifukwa chake mu 2015 nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ntchito yake ndi kubwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite ovomerezeka, a boma ndi omwe si a boma, kupereka mphoto kwa okhoza bwino koposa, ndi kutolera ngongole zonse kuyambira za m'ma 1985. Bungweli limapempha olemba anthu ntchito kuti azidula ndalamazo pamalipiro, ndipo lakhala likuchenjeza kuti lisindikiza mayina a okana kubweza. Apa sindibisa maganizo anga. Munthu amene anaphunzira ndi ngongole imeneyi, lero ali pantchito yabwino, koma sakubweza, akudya fizi ya mwana wina. Chaka chilichonse opempha amachuluka kuposa amene thumba lingawakwanitse, ndipo otsalawo ena amasiya sukulu ali m'chaka chachiwiri kapena chachitatu. Mu 2016 fizi ya ku University of Malawi itakwera kufika pa K400,000 ophunzira analowanso mumsewu, ndipo pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti ichotsedweko K50,000.

Nanga masikolashipu akunja amene timawamva? Alipo, ndipo athandiza ambiri. Fulbright inayamba mu 1946, ya Commonwealth mu 1959, Chevening mu 1983. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo Mmalawi angathe kupikisana nawo pa sikolashipu ya Rhodes yopita ku Oxford. Koma pafupifupi onsewa ndi a digiri yachiwiri kapena yachitatu. Amafuna munthu amene wawoloka kale. Pa digiri yoyamba, thandizo limachokera kwa mabungwe monga CAMFED, imene imayang'ana atsikana, Soko Fund ya ku Scotland yothandiza amayi m'mayunivesite a kuno, Medic to Medic ya ophunzira zachipatala, mipingo, mabanki, makampani ndi magulu a ophunzira akale. Otsalawo amadalira malume wa ku Joni, mbuzi za m'khola, kapena uthenga wopempha thandizo umene umazungulira pa WhatsApp. Ngakhale William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anasiya sekondale chifukwa cha fizi pa njala ya 2001 ndi 2002 n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi, anafika ku Dartmouth College chifukwa anthu akunja anamva za iye atalankhula ku Arusha mu 2007. Anamaliza mu 2014. Njira yake sikusiyana kwenikweni ndi ya Kayira.

M'kukangana konseku za fizi ndi ndalama ya chakudya, gawo la kafukufuku latsalira m'mbuyo. Maphunziro ambiri a digiri yoyamba amafuna kuti wophunzira wa chaka chomaliza achite pulojekiti yake. Ambiri amaichita ndi ndalama ya m'thumba mwawo: ya minibasi, ya intaneti, yosindikizira mafunso, yomangira buku. Wopanda ndalama amasankha mutu umene sungamutengere kutali, n'kufunsa anzake a pahositelo, pomwe mtima wake unali pa usodzi wa ku Chilwa kapena pa matenda a chinangwa ku Nkhata Bay. Ndalama zazikulu za kafukufuku m'dziko muno zimachokera kunja ndipo zambiri zimapita ku zaumoyo, kudzera m'mabungwe monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Wophunzira wa ku KUHeS angapeze mwayi wogwira ntchito pambali pa akatswiri kumeneko, koma wa mbiri yakale, wa zinenero kapena wa zauphunzitsi kawirikawiri amakhala yekhayekha.

Zida zokonzera vutoli zilipo kale. Tili ndi National Commission for Science and Technology, imene ntchito yake ndi kulimbikitsa kafukufuku. Bungwe la ngongole lija lili ndi mphamvu yopereka ndalama zosabweza. Makampani amene amagawa mphoto patsiku lolandira madigiri angathe kupereka gawo la ndalamazo chaka chimodzi m'mbuyo, pamene mwana akulemba mutu wa pulojekiti yake. Dipatimenti iliyonse itakhala ndi kathumba kolimbirana, wophunzira n'kumalemba zimene akufuna kufufuza ndi mtengo wake, aphunzitsi n'kumasankha zabwino, ndalama ya galimoto imodzi ya boma ingatumize ana mazanamazana kumidzi, kuminda ndi kunyanja chaka chamawa chomwechi.